Nyimbo ya Mdala

Ku Zambia ndinapita ndi dzina la achimwene anga.

Achimwenewo, a Eliyasi, ankagwira ntchito ya zamagetsi pabwalo la ndege ku Chileka, ndipo anali ndi pepala la ntchitoyo, lokhala ndi chidindo. Ine pepala ndinalibe, ndinali ndi manja okha. Ntchito ndinaidziwira kwa iwo omwewo, pokonza nawo mainjini a zigayo Loweruka lililonse, kuchokera kwathu ku Lirangwe mpaka ku Lunzu. Nditawauza kuti thonje landitopetsa ndipo ndikufuna kukayesa ku migodi ya kopa, anamaliza kaye kupopa njinga yawo, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala lija.

"Kuntchito analiona kale, salifunanso," anatero. "Tenga. Koma ukayende nalo bwino iwe. Dzina ndili nalo limodzi lomweli."

Alamu anga a Estere anandikazingira mtedza wa pa ulendo. Mayi anandiperekeza mpaka pamsika n'kubwerera basi isanafike, ati sakufuna kundiona ndikukwera. Malire ndinadutsa wapansi cha ku Mchinji, m'tinjira ta m'minda, poti chiphaso ndinalibe.

Ku Kitwe anandilemba kuti ndiziyang'anira mawaya ndi mapampu apansi. Tsiku loyamba kulowa m'kheji, chikepe chachitsulo chotsikira mumgodi, ndinagwira lamba wa munthu wosamudziwa mpaka tinafika pansi. Kumeneko kunali kotentha ngati m'uvuni wa njerwa, madzi akudontha kudenga, majekihama akubowola thanthwe mpaka mano kumachita kunyerenyesa. Munthu ukatuluka madzulo, m'makutu munkangolira mluzu. Aliyense ankanditcha Eliyasi. Masabata oyamba ndinkachedwa kuyankha, ndipo anzanga ankaganiza kuti makutu anga afa kale.

Bwana wa shifiti yathu anali mzungu wokalamba, wotsimphina, amene anatsalira kuchokera nthawi ya atsamunda. Tinkamutcha Mdala. Zaka zopumira zinali zitamukwana kalekale koma ntchito sankaisiya. Chodabwitsa chake, ukangokhala pansi pang'ono kuseri kwa pampu, mawa lake ankadziwa, chonsecho iye kunalibe. Pakati pathu pomwepo panali omuuza, ndipo sitinkawadziwa.

Gidiyoni ndinakumana naye kubafa la kumgodi. Sopo anamulowa m'maso, ndiye anatukwana m'Chilomwe. Ndinaseka ndekha pakati pa Abemba onse aja.

"Amwene, kwanu n'kuti?" anandifunsa, maso ali chitsinzinire.

"Lirangwe."

"Ine wa kwa Kuntaja! Ndege zikamatera pa Chileka zimadutsa pamwamba pa khola la bambo anga."

Kuyambira tsiku limenelo tinkagona chipinda chimodzi kukomboni ya antchito a kumgodi, mphika umodzi. Pansi iye ankayendetsa kasitima konyamula miyala, koma mtima wake unali pa gitala. Anali ndi tsitsi lalikulu ngati chisa cha njuchi ndi buluku lotambalala kumapazi, zinthu zoti kwathu nthawi imeneyo ukanagona nazo kupolisi. Iye ndi Azambia atatu anali ndi bandi. Nyimbo zawo ankazitcha hevi, ophunzira a m'tauni ankati hevi meto. Gitala lake silinkalira ngati la m'mabala a kwathu ayi. Linkalira ngati lata likudulidwa ndi sowo, ng'oma zikugunda m'chifuwa mwako. Ampulifaya yawo inali yakale, inkapsa kawirikawiri, ndiye ine ndinakhala wa mawaya wa bandiyo.

Tinkaimba Lamulungu masana, anthu akatuluka kutchalitchi, m'holo ya kukomboni. Holoyo inali ya malata, mawindo ena opanda magalasi. Tinkakankhira mabenchi kukhoma. Amayi ankagulitsa zitumbuwa ndi masese pakhomo, ndipo amuna ena ankalowa ndi magambutsu, atangotuluka shifiti. Ife anthu a pansi makutu athu anali ofa theka, nyimbo yofewa sitinkaimva. Hevi yokha ndiyo inkatifika. Munthu ankavina mpaka thukuta kulowa m'maso, akugwedeza mutu ngati mbuzi yokana chingwe. M'holo monsemo munalibe nkhope yachilendo. Ukaponda munthu, mawa mukumana m'kheji, mupepesana.

M'tauni munali malo ena. Hotela ina inali ndi chipinda chapansi, cha magetsi ofiira, masipika aakulu ngati zitseko, ndi mlonda pakhomo woyang'ana nsapato za anthu. Kumeneko kunkapita makalaliki, ana a sukulu zapamwamba, amwenye ndi azungu angapo. Okonda hevi ankakangana za malo awiriwa ngati za mpira. A kukomboni ankati m'tauni anthu amavina akuopa kudetsa malaya. A m'tauni ankati kukomboni gitala silimveka, umangomva malata. Gidiyoni mtima wake unali m'tauni.

"Kunoku ngakhale ndiphonye, andiombera m'manja, poti ndi anzanga," ankatero. "M'tauni ndi mmene muli makutu enieni."

"Makutu amenewo ndi amene ndikuwaopa, aise," ndinkamuyankha.

Sindinkanena zocheza. Zaka zimenezo ku Zambia kunali anthu akwathu ambiri amene anathawa atasemphana ndi boma, ndiponso kunali ena otumidwa kudzawayang'anira. Onsewo ankavala masuti, onsewo ankamwa m'mahotela, ndipo sukanasiyanitsa. Ife a kumgodi tinali ndi lamulo lathu: munthu wa suti akakulankhula Chichewa, yankha m'Chibemba.

Nyimbo ija ndinaipeka ndine, pansi, ndikudikira pampu kuti izizire. Mawu ake anali ochepa:

Mdala ali ndi makutu m'thumba,
ukatsokomola, wamva kale.
Mdala iwe, udzapuma liti,
kuti nafe tipumeko?

Gidiyoni anaiika pa gitala. Tsiku loyamba kuiimba m'holo, anthu anagwa ndi phwete. Mkulu wina anatenga ndodo ya tsache n'kuyamba kutsimphina pakati pa bwalo, akuloza anthu, holo yonse ikukuwa kuti "Mdala! Mdala!" Panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti Mdala ndani. Ngakhale ana oyamwa a kukomboni ankamudziwa.

Kenako mwini wa hotela ija anatiitana kuti tikaimbe Loweruka lina. Ndinamupempha Gidiyoni kuti nyimbo imeneyo aisiye kukomboni. Anavomera. Koma anthu atadzaza, masipika aja akumupatsa mawu amene sanawamvepo chibadwire, anaiwala. Ndinali nditanjuta kuseri kwa ampulifaya pamene ndinamva gitala likuyamba. Mawu atangomveka, tebulo lina la pakona, la amuna asanu a masuti, linaimirira lonse. Sankaseka ngati a kukomboni. Ankakuwa atakweza zibakera, wina misozi ikutsika. Apo m'pamene ndinamva nyimbo yanga ndi makutu a kwathu, kumene kunalinso nkhalamba yosapuma, yomva chilichonse. 

Nyimbo itatha, Gidiyoni anagwira maikolofoni, akupuma mwawefuwefu, akusangalala.

"Mawu amenewa si anga!" anakuwa. "Ndi a mnzanga uyo ali pa mawayayo! Eliyasi, wa ku Lirangwe, katswiri wa magetsi!"

Tikupinda mawaya, panafika bambo wina wa suti yotuwa. Sanali wa tebulo lija, anali atakhala yekha pafupi ndi khomo. Anandipatsa moni ndi manja awiri, mwaulemu ndithu.

"Muli bwanji, a Eliyasi? Lirangwe yake iti, cha kusiteshoni?"

Ndinaiwala Chibemba chonse. "Cha kuseri kwa msika," ndinatero.

"Nanga Mdala ameneyu ndani?"

"Ndi bwana wathu wa kumgodi, bambo. Mzungu."

Anamwetulira. "Inde, inde. Wa kumgodi."

Sipanapite mwezi, telegalamu inafika yoti bambo ake a Gidiyoni amwalira. Pa basi akanapeza ataika kale. Ali pakati pa kulira, bambo wa suti yotuwa uja anatulukira kukomboni, malo amene sanapondeko chiyambire, ati wamva za zovutazo ndipo anthu akwathu asonkha kuti mnzathu akwere ndege. Ndinamukokera Gidiyoni kuseri kwa nyumba.

"Usakwere. Munthu ameneyu wadziwa bwanji za malirowa?"

"Ndi bambo anga, Eliyasi. Ukufuna akaikidwe ngati analibe mwana wamwamuna?"

Iye chiphaso anali nacho, chenicheni. Ndinamumeta ndekha tsitsi lija pakhonde, ndi lumo la telala, kuti asakamuvutitse pa Chileka. Ndinamubwereka buluku langa lakuntchito. Popanda tsitsi ankaoneka wamng'ono, makutu ali panja. Anati abwera pakatha masabata awiri.

Mwezi unatha. Gitala lake linali pansi pa bedi, anyamata a bandi akubwera tsiku lililonse kudzafunsa. Kenako dalaivala wina wa lole, woyenda pakati pa Blantyre ndi Lusaka, anandifunafuna n'kundipatsa kalata imene anaibisa m'sokosi. Inali ya alamu anga.

"Alamu, mnzanu wa kwa Kuntaja sanafike pamaliro. Ndege anatsika, anthu anamuona, koma kunyumba sanafike. Lachisanu lake kunabwera anthu kuntchito kudzatenga achimwene anu, ati akayankhe za nyimbo imene anapeka ku Zambia. Inu mukudziwa kuti munthuyu ku Zambia sanapiteko, ndipo ngakhale m'tchalitchi saimba. Kumene ali sitikudziwa. Musayankhe kalatayi."

Ndinaiwerenga nditaimirira, kenako ndinakhala pansi. Anthu aja anapita kukafuna Eliyasi wa ku Lirangwe, wa zamagetsi, ndipo anamupeza pabwalo la ndege pomwepo, ali pa makwerero.

Chimene ndinayenera kuchita ndinkachidziwa. Ndinapempha tchuthi, ndinakwera basi mpaka ku Chipata. Kuchokera pamenepo kwathu n'kufupi, mapiri a ku Mchinji umachita kuwaona. Ndinakhala pa depoti masiku awiri, chikwama chili pamiyendo. Ndinkayeseza mawu: amene mukumufuna ndine, awo amasuleni. Ndikawanena mumtima ankamveka bwino. Koma ndikangoona galimoto yolowera kumalire, ndinkangoisiya ipite. Mayi wina wogulitsa nthochi, wa kwathu komwe, ataona kuti sindikusuntha anandifunsa vuto. Ndinamuuza pang'ono chabe.

"Mwana wanga," anatero, "kumeneko sasinthanitsa anthu ngati nkhuku. Mukapita, akhala nanu awiri."

Mwina ankanena zoona. Koma ine ndinawalandira mawu amenewo mwamsanga kwambiri, ngati munthu waludzu. Tsiku lachitatu ndinakwera basi yobwerera ku Kitwe.

Zaka zotsatira sindikonda kuzikumbuka. M'mawa uliwonse kapitawo ankaitana mayina pakhomo pa kheji. "Eliyasi!" Ine n'kuyankha, ndikudziwa kuti kwinakwake mwini dzinalo akuyankhanso, kwa anthu ena, ngati ali moyo. Malipiro ndinkalandira m'dzina lake. Ndinkatumiza zimene ndikanatha kudzera kwa dalaivala uja: ndalama, mabulangete, nsalu. Alamu ankalandira, koma sanandilemberenso ngakhale mzere umodzi. M'tauni sindinapondemonso. Ndikaona suti yotuwa patali ndinkalowa m'sitolo iliyonse imene ili pafupi. Munthu akagogoda pakhomo, ndinkayamba ndasuzumira pa mng'alu wa zenera. Mdala weniweniyo anadzapuma ntchito n'kupita kwawo, anzanga anachita phwando, ine sindinapiteko.

Kuholo kokha ndinkapitabe. Bandi inapeza wa gitala wina, ndipo ndinawauza kuti nyimbo ija akadzaiimbanso ndidzawotcha ampulifaya. Anandimvera. Ndinkakhala kuseri kwa sipika, msana nditatsamira pa bokosi lake, phokoso lonse likudutsa m'nthiti. Pamenepo pokha m'pamene mutu unkasiya kuganiza. Nthawi zina ndinkakuwa ndi mphamvu zanga zonse, ndipo palibe ankamva.

Mayi anamwalira ndili komweko. Uthenga unandipeza atagona kale m'manda miyezi iwiri.

Kenako kopa anagwa mtengo, mgodi unayamba kuchotsa anthu, ndipo alendo ndife tinali oyamba. Masiku omwewo dalaivala uja anandiuza kuti waona achimwene pa Lirangwe, atulutsidwa. Ndinameta mpala, ndinasiya malekodi anga onse kwa anyamata a bandi, ndinadutsanso m'minda ya ku Mchinji.

Pa Lirangwe ndinatsika masana, dzuwa lili pamutu. Pachipata cha msika anyamata a chipani ankafunsa makhadi. Ndinagula langa pomwepo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezo ndinatchula dzina langa lenileni. Linamveka ngati la munthu wina. Anthu amene ndinakula nawo ankandiona n'kuyang'ana kumbali. Sindinawadandaule. Banja limene mwatengedwa munthu, anthu ankaliopa ngati muli nthomba.

Alamu ndinawapeza akupeta nandolo pabwalo. Anali ataonda, mpango utamangidwa mpaka m'maso. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwabwera," anatero. Sanaimirire, sanandilandire chikwama. "Ali kuseri."

Achimwene anali atakhala pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo wa bwemba, wailesi yophwasula ili pamiyendo. Ntchito ya ku Chileka inatha tsiku lomwe anatengedwa, tsopano ankakonza mawailesi a anthu ochepa amene ankalimba mtima kubwera. Mutu wonse unali mbuu, mano akutsogolo kulibe. Sikuludalaivala inkavina m'dzanja lawo. Ndinagwada pansi.

"Dzuka, udetsa buluku," anatero. "Khala apo."

Ndinakhala pa njerwa. Ndinatulutsa pepala lawo lija, lothetheka m'mopinda, n'kuliika pa wailesi. Sanaligwire.

"Achimwene, ndinafika pa Chipata. Ndinkabwera kudzanena kuti ndine. Ndinabwerera."

"Unachita bwino."

"Ayi, musatero."

"Ukuganiza kuti ine ndinakubisa?" Anandiyang'ana koyamba. "Ndinawauza. Tsiku loyamba lomwelo, asanandikhudze n'komwe. Ndinati si ine, ndi mng'ono wanga, ali ku Kitwe, nyumba yake mukaipeza mwakutimwakuti. Ndinakupereka, mphwanga. Anangoseka. Ati tinatumidwa Eliyasi, Eliyasi tamupeza, winayo wa chiyani?"

Nkhuku inadutsa pakati pathu. Iwo anapitiriza, mawu ali pansipansi.

"Ankati ndiimbe. Ndiimbe chiyani, nyimbo sindiidziwa? Ndiye ankati ndikuchita mwano."

"Nanga Gidiyoni?"

"Wa makutu uja? Ndinamuona kamodzi. Anamubweretsa kuti andizindikire. Anandiyang'ana, anati, 'Uyu si iyeyo, bwana, uyu sindimudziwa.' Anamumenya pakamwa. Anabwerezanso. Anamutulutsa akunenabe." Anatembenuza wailesi ija. "Sindinamuonenso. Mayi ake amabwera kuno nthawi zina kudzafunsa. Tsopano wabwera iwe, ukawaone."

Ndisanayankhe, kumsewu kunamveka galimoto ikuchepetsa liwiro. Inakhota, inalowa kanjira ka kwathu, matayala akuphwanya miyala. Inali Landirova yobiriwira. Inaima kutsogolo kwa nyumba, injini osazima.

Thupi langa lonse linkati thawa. Kuseri kunali munda, kupitirira apo njanji, ndipo ndikanatha. Koma ndinapezeka ndaimirira, ndikuzungulira nyumba. Alamu anali chiimire, lichero lili m'manja, nandolo atatayika pansi. Ndinawadutsa. Ndinafika pa zenera la galimoto ndisakuona bwinobwino.

"Amene mukumufuna ndine," ndinatero.

Dalaivalayo, mkulu wonenepa wa chipewa cha khaki, anandiyang'ana modabwa.

"Pepani bambo, ife ndi a zaulimi. Injini yatentha. Mungatigawireko madzi?"

Ndinawatungira ndowa yonse. Ndinaima pomwepo akuthira, nthunzi ikukwera, iwo akudandaula za msewu. Anathokoza, anabwerera chambuyo, anapita. Nditabwerera kuseri, mpando unali utagwa chagada, wailesi ili m'dothi. Achimwene kunalibe.

"Ndi mmene amachitira," anatero alamu kumbuyo kwanga. Anali akutola nandolo mmodzimmodzi. "Galimoto iliyonse. Ali m'mundamo, cha ku chulu. Ine ndatopa kukawatenga, alamu. Lero pitani inu."

Ndinawapeza atadzipinda kuseri kwa chulu, pakati pa mitengo ya nandolo, manja ataphimba mutu. Uyu ndi munthu amene kale ankakwera mapolo a magetsi akuimba mluzu. Ndinawaitana, sanamve. Ndinawagwira paphewa, anadzidzimuka ngati ndawaotcha.

"Apita, achimwene. Anali a zaulimi. Amafuna madzi."

"Ukunama."

"Zoona. Ndawapatsa ndekha."

"Amayamba choncho," ananong'ona. "Khala pansi, angakuone."

Ndinafuna kuwadzutsa, koma dzanja lawo linali litandigwira pamkono, likundikokera pansi ndi mphamvu imene sindinkaganiza kuti akadali nayo. Ndinakhala. Anandikankhira mutu m'munsi mwa masamba, iwo n'kusendera mbali ya kumsewu, kuti wobwera ayambe waona iwowo. Tinakhala momwemo, amuna awiri akuluakulu, nyerere zikutikwera m'miyendo, tikumvetsera msewu wopanda kanthu, mpaka alamu anaitana kuti madzi osamba atentha.